Mutu 7: Mwana ndi Choimbira Chake

Munthu amene wayenda pa msewu wochokera ku Linthipe kunka ku Lobi m'miyezi ya June ndi July, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe ndipo chisanu cha kumapiri a Dedza chayamba kuluma zala, akafika pamudzi uliwonse dzuwa litapendeka sadzalephera kumva phokoso lochokera kuseri kwa makola, phokoso limene akulu obwera kudimba ali otopa amalitcha kusokosera, koma limene ife m'mutu uno tifuna kulitchera khutu mwaulemu. Eni phokosolo ndi ana. Wina wavundikira chitini chakale pansi nachiomba ndi timitengo tiwiri. Wina wathyola phesi la tsamba la dzungu, nalicheka pang'ono, naliliza monga lipenga. Kamtsikana kena, kamene kabereka mng'ono wake kumbuyo, kakugwedeza botolo la timiyala. Ndipo onsewo, ngakhale palibe mphunzitsi waimirira patsogolo pawo ndi ndodo, agwirizana pa mayendedwe amodzi, kotero kuti khanda lili kumbuyo lija nalonso likugwedeza mutu pa nthawi yake yeniyeni.

Makolo ambiri a masiku ano, makamaka amene adayendako kutauni, amafunsa kuti, "Kodi mwanayu tingamgulire chiyani kuti akonde nyimbo?" Funsolo n'labwino, pakuti lichokera m'chikondi, koma ine ndiyesa kuti lapunthwa pa liwu limodzi, ndilo lakuti kugula. Mwana amabadwa ndi njala ya nyimbo monga abadwa ndi njala ya bere, ndipo mwa zinthu zonse zimene zimakoleza njalayo palibe choposa choimbira chimene iye wadzipangira ndi manja ake, chingakhale chopindika, chadzimbiri ndi chochititsa manyazi pamaso pa alendo.

Sukulu yoyamba ya nyimbo ndi mbereko. Mayi akamakonola chimanga mwana ali kumbuyo, kugunda kulikonse kwa musi kumadzera m'msana wa mayiyo kulowa m'chifuwa cha mwana; ndipo akakhala amayi awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, misi yawo ikulowa mosinthana, uwu ukutsika pamene uwo ukukwera, osagundana ngakhale kamodzi, mwanayo akumva kale lamulo lalikulu la ng'oma zathu, lakuti woomba aliyense aponye dzanja lake m'mpata umene mnzake wasiya. Lamulo lomweli ndilo limanga pamodzi mbalule, mpanje ndi gunda pa bwalo la Gule Wamkulu, gule amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a pa dziko lonse lapansi. Zigayo zatichotsera thukuta, ndipo ine sindine munthu woti ndiuze amayi abwerere ku matuza a m'manja. Koma tivomereze kuti chigayo chili ndi liwu limodzi lokha, ndipo khanda limene laswera pa mzere wa kuchigayo siliphunzirapo kanthu koma kugontha m'kutu.

Akatsika kumbuyo, mwana amalowa m'kuka mwa ambuye ake, mmene nthano zimayamba nsima ya madzulo itatsika. Nthano yachichewa siyenda mtunda wautali yopanda nyimbo: Kalulu akagwidwa amaimba, mwana wamasiye akatayidwa m'dzenje amaimba, ndipo wokamba nthano ntchito yake n'kuyambitsa chabe, ana ndiwo avomera ndi kuomba m'manja. John Blacking, Mngelezi amene adakhala pakati pa Avenda a ku South Africa kuyambira 1956 kufikira 1958, nalemba buku la nyimbo za ana awo limene lidatuluka mu 1967, adapeza chinthu chimene agogo athu adachidziwa kalekale, chakuti ana saphunzira nyimbo motsata makwerero, kuyambira yapafupi kunka ku yovuta, monga achitira ndi masamu; iwo amayamba ndi nyimbo imene aimva kawirikawiri ndi imene anzawo aikonda, ingakhale yokhotakhota chotani. Chomwecho amene afuna mwana woimba asampirikitse pabwalo pamene akulu akuvina chimtali kapena mganda, ponena kuti achepa. M'mphepete mwa bwalo momwemo, m'fumbi, ndimo mukulira oomba ng'oma a mawa.

Umisiri weniweni umayambira kubusa. Mnyamata amene wapita ndi ng'ombe kudambo ali ndi tsiku lathunthu, mpeni ndi bango. Ndipo akatopa kuumba ng'ombe zadothi ndi kuzimenyanitsa, amadula mfundo imodzi ya bango kapena ya nsungwi, naboola mabowo ndi waya wotenthetsa pa moto wootchera mbatata, ndipo chitoliro chabadwa. Choyamba sichilira, chachiwiri chilira ngati nkhuku ya chitopa, koma pofika pa chachisanu mnyamatayo wadziwa yekha kuti bango lalitali lili ndi mawu aakulu, lalifupi lili ndi mawu aang'ono, ndi kuti chala chikatsekula bowo mawu amakwera. Chifukwa chake n'chakuti cholira m'chitoliro ndi mpweya umene uli m'katimo, ndipo bowo lotsekuka limafupikitsa njira ya mpweyawo monga ngati bangolo ladulidwa pomwepo. Mawu ofotokozera zimenezi iye alibe, koma zala zake zidziwa. Ndipo tsiku limene mphunzitsi wa sayansi adzazilemba pa bolodi, kwa mnyamata ameneyu zidzakhala ngati kukumana ndi mbale wake paulendo.

Ng'oma ya ana nayo imakula pamodzi ndi mwini wake. Iyamba ili chitini chovundikira, kenaka ikhala chitini chokungidwa ndi pepala lolimba la pulasitiki kapena ndi chidutswa cha chubu cha galimoto, ndipo tsiku limene pamudzi paphedwa mbuzi, ana amazungulira wosenda chikopa ndi maso opempha. Amaonerera akulu akuwamba ng'oma pa moto wa udzu gule asanayambe, ndi kumata phula pakati pa chikopa, iwonso nakachita chimodzimodzi kuseri kwa nkhokwe. Potero aphunzira kuti moto uchotsa chinyontho, chikopa chikungika, mawu nakwera, pamene phula lilemeretsa chikopa kuti chitulutse mawu akuya. M'dziko lozizira ndi la mame ngati la Lobi ng'oma sichedwa kulefuka usiku, ndipo mwana amene akhulupirika pa kusonkha moto wowambira, osatopa ndi kuthamangathamanga pakati pa moto ndi bwalo, ndiye amene tsiku lina woomba akafuna kupuma amamkodola namsiyira ng'oma. Ambiri adasungunula ng'oma zawo za pulasitiki poyesa kuziwamba, nalira. Nalonso ndi phunziro. Za maseche ndi zisekese sitichulukitsa mawu, popeza mwana aliyense amene ali ndi chikho chouma kapena zitsekerero za mabotolo, msomali ndi waya, ali nazo kale zonse zofunika.

Koma pali choimbira chimodzi chimene ndifuna tiimepo pang'ono, chifukwa chikunka nichisowa, ndipo ana ambiri a lero sadachionepo. Dzina lake ndi mkangala. Ndi kabango kamodzi kowongoka bwino, kautali wosafika pa mita, kokungidwa ndi chingwe chimodzi chopyapyala kuchokera kunsonga kufika kunsonga, ngati kauta. Woimba amagunditsa nsonga imodzi pa milomo yake, nakodola chingwe ndi kachitsotso, chala cha dzanja linalo chikukhudza ndi kusiya chingwecho. Ndipo chodabwitsa chake n'chakuti chikho chokuzira mawu palibe, m'kamwa mwa woimbayo ndimo mugwira ntchito ya chikho. Chingwe chilichonse chikanjenjemera chimatulutsa mawu ambiri obisika pamwamba pa liwu lake lalikulu, ndipo posintha kukula kwa m'kamwa, monga tichitira potchula a, e, i, o, u, woimbayo amasankha mwa mawu obisikawo limene afuna limveke. Mkangala udadza ndi Angoni pochokera kummwera m'zaka za m'ma 1800, Angoni omwewo amene ena a iwo adakhazikika ku phiri la Domwe, tsidya la malire ku Angonia, kufupi ndi kwathu kuno. Ndipo kwa Azulu ulipobe, ndi dzina lofanana ndi lathuli. Ndi choimbira cha atsikana ndi amayi, cha mawu apansipansi amene amamveka kwa mwini wake ndi kwa amene wakhala naye mphasa imodzi. Atsikana adali kuuliza pakhonde madzulo, ndipo akazi amene amuna awo adapita ku Joni kapena ku Halale adali kutonthoza nawo mtima. Mtengo wake ndi bango limodzi ndi chingwe. Chimene chikusowa ndi gogo woti akhale pansi ndi mdzukulu wake masana amodzi.

Amuna opita ku Joni ndi ku Halale aja, amene adalembedwa ndi Wenela ndi Mthandizi, pamodzi ndi asilikali a KAR obwera kunkhondo imene idatha mu 1945, adabwera ndi zinthu zimene zidatembenuza makutu a dziko lino: magalamafoni, magitala ndi mabanjo. Anyamata a kumudzi, amene adalibe ngakhale tambala yogulira zoterozo, adaziyang'ana mwachidwi, nazipima ndi maso, nakazipanga okha. Chitini cha mafuta a galimoto kapena sefuliya yobooka idasanduka mimba ya banjo. Chikopa cha mbuzi chidakungidwa pamwamba. Mtengo wosema ndi kasemasema udakhala khosi, zikhomo zokungira zidasemedwa ndi mpeni. Ndipo nsambo zidachokera ku waya wa buleki, umene ukaupombosola umapatsa timawaya tambiri tolimba. Pambuyo pake padadza babatoni, chibanjo chachikulu cha nsambo imodzi chimene woimba amachikhalira, ndi ng'oma yoponda ndi phazi, ndi zitsekerero za mabotolo zolowetsa pa waya. Ndipo bandi yathunthu idabadwa kuchokera kudzala.

Pano ndiyenera kuulula tchimo la ubwana wanga. Atsibweni anga adali ndi njinga ya mabuleki a waya, imene ankatengera kabichi kumsika. Ndipo ine, nditasema khosi la banjo yanga ndi kukunga chikopa, ndidasowa nsambo. Usiku wina ndidapombosola timawaya tinayi pa buleki ya kumbuyo, ndikusiya totsalato kuti pasaoneke kanthu, poganiza kuti njinga siwerenga. M'mawa mwake, pa tsiku la msika, totsalato tidaduka pa chitsikirero. Madzulo adandiitana, bondo lawo litamangidwa sanza.

"Iwe mphwanga, tabwera kuno. Buleki ya njinga yanga waidyera kuti?"

"Pepani atsibweni, ndimayesa kuti timawayato n'tambiri, sitingathe."

"N'tambiri! Kabichi yense wamwazikira m'khwawa, ine ndagwa ngati thumba pamaso pa apongozi, iwe ukuti n'tambiri? Katenge chinthucho ndichione."

Ndidapita nacho ndikunjenjemera, ndikudziwa kuti chithera pamoto. Iwo adachitembenuza uku ndi uku, nakodola nsambo imodzi imodzi, nakhala chete nthawi yaitali, ndipo potsiriza adati, "Khosili lapindika, n'chifukwa chake nsambo zikukana kumvana. Mawa tikadule mtengo wina. Koma ukadzakhudzanso njinga yanga, ndidzakuwamba ngati ng'oma." Chilango ndidalandira ndithu, chothirira dimba sabata yathunthu, koma banjoyo sidapite pamoto, ndipo ine kufikira lero sindidziwa chimene ndikadakhala akadaiponya. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Pa khosi latsopano lija ndipo ndidaphunzira zimene palibe buku likadandiphunzitsa pa msinkhu umenewo. Nsambo ikakungika kwambiri mawu ake akwera. Yonenepa ilira pansi, yopyapyala ilira pamwamba. Ukaidinda pakatikati penipeni ipatsa liwu lomwe lija, koma laling'ono, monga mwana ndi atate ake akuimba nyimbo imodzi. Agiriki akale adalemba za chinthu chimenechi, nachitchulira dzina la Pythagoras. Ife tidachipeza pakhonde, pofunafuna ndi khutu malo okhomera timawaya todutsa pa khosi, kukhoma ndi kuzula, kukhoma ndi kuzula, kufikira nyimbo italowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wadekha sabata ziwiri pa banjo imodzi waphunzira chipiriro chimene adzachifuna pa ntchito iliyonse ya moyo wake.

Wina asanene kuti izi n'zachibwana zopanda kopita. Chitoliro chachitsulo chimene Angelezi amati pennywhistle chidali chotchipa, choseweretsa ana; koma anyamata a m'misewu ya Johannesburg adachitenga m'zaka za m'ma 1950, nachilowetsa m'kamwa mopendeka kuti chilire mwamphamvu, natulutsa nyimbo za kwela zimene zidagwedeza chigawo chonse chino cha Africa; ndipo Spokes Mashiyane, wotchuka mwa onsewo, adayambira pa chitoliro cha bango akuweta ng'ombe za atate ake. Kwela idafika kuno ndi machona ndi magalamafoni, ndipo m'chaka cha 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa ku Vienna wofufuza za nyimbo, adapeza anyamata a pa mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka, akuimba mumzinda wa Blantyre: Daniel Kachamba pa gitala, ndi mng'ono wake Donald, amene adali mwana ndithu, pa chitoliro chija. Pofika 1972 abale awiriwo adali kuimba ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987. Donald adakaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, namwalira mu 2001. Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, adadziwika dziko lonse ndi banjo. Ndipo m'masiku athu ano Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band, amene adali kuimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, adakaimba ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pomwepo njira ya ku Ulaya idawatsekukira.

Komabe sinditchula maina amenewa kuti kholo lililonse liyambe kulota ndege. Mwa ana zana a ku Lobi amene lero akuomba zitini, ochuluka adzakhala alimi a mbatatesi, anyezi ndi tomato, ena aphunzitsi, ena oyendetsa ngolo. Ndipo n'chokoma kuti zikhale tero. Koma mudzi ufuna woomba ng'oma pa ukwati, woyambitsa nyimbo pa maliro pamene anamfedwa alibe mawu, wotsogolera kwaya pa Sabata, ndi mayi wodziwa kutonthoza khanda. Akale adati ukaipa dziwa nyimbo, podziwa kuti woimba sasowa malo pakati pa anthu. Ngakhale Buku Lopatulika, pamene liwerenga zidzukulu zoyamba za Adamu, litchula Yubala woimba pakati pa woweta zoweta ndi wosula zitsulo, monga ngati kunena kuti ntchito zitatuzi n'zapachibale. Ndipo Davide, amene zeze wake adatonthoza mtima wa mfumu Sauli, adaitanidwa kuchokera kubusa.

Pa nkhani ya ng'oma mipingo ili ndi mbiri imene tiyenera kuikamba mosakondera. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, nadzamanganso pa Mphunzi kufupi ndi Lobi, adatiphunzitsa kuimba m'magulu anayi a mawu ndi kuwerenga nyimbo mwa do, re, mi. Ndipo makwaya amene amatikometsera mapemphero lero ndi zipatso za ntchito imeneyo. Koma ng'oma adaiona ngati chinthu cha kudambwe ndi kumowa, ndipo kwa zaka zambiri mwana wa mkhristu wopezeka akuomba chitini adali kulandira mkwapulo. Akatolika, amene adayamba mishoni ya Mua mu 1902, nawonso adalimbana ndi gule nthawi yaitali. Koma utatha msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ng'oma ndi zisekese zidalowa m'tchalitchi, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni pa Mua pomwepo, osungirako luso ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwana wa lero ali ndi mwayi umene agogo ake adalibe, wakuti akhoza kuomba ng'oma osasankha pakati pa ng'omayo ndi ubatizo.

Kusukulu nkhani yake n'njina. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi adadzaza kufikira ana kukhala pansi pa mitengo. Ndipo m'ndondomeko ya maphunziro imene idayamba mu 2007, nyimbo zidaphatikizidwa ndi zojambula, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Mphunzitsi wa ana ochuluka chotere, wopanda limba kapena gitala, amayesedwa kungolemba maina a zoimbira pa bolodi kuti ana aloweze pokonzekera mayeso. Ndipo ndaonapo mwana wodziwa kulemba kuti kaligo ali ndi nsambo imodzi ndi kuti bangwe ndi thabwa la nsambo zambiri, koma wosagwirapo chilichonse mwa ziwirizi. Kwa mphunzitsi woteroyo ndili ndi mbiri imene ingamlimbitse mtima. Carl Orff, Mjeremani amene adatsegula sukulu ku Munich mu 1924 pamodzi ndi Dorothee Günther, ndi amene njira yake yophunzitsira ana nyimbo yafala m'maiko ambiri, adaika maziko ake pa kuomba m'manja, kuponda pansi, kuvina, kuyankhana mawu ndi kuimba timalimba ta mitengo. Ndipo chimodzi mwa zitsanzo zimene adaonera popangitsa timalimbato chidali limba lochokera ku Africa. Taonani tsono: zimene masukulu a ku Ulaya amazigula ndi ndalama zambiri n'zomwe ana a ku Lobi amachita kuseri kwa khola. Mphunzitsi angowauza kuti Lachisanu aliyense abwere ndi choimbira chopanga yekha, aitanenso nkhalamba imodzi ya m'mudzi yodziwa kaligo, ndipo phunziro lakwana. Alezi a m'sukulu za mkombaphala, zimene tizitcha za mmera mpoyamba, akhoza kuchita chimodzimodzi ndi zikho ndi timiyala, pongosamala kuti zotsekera zikhale zolimba, kuti khanda lisameze kamwala, ndi kuti m'mphepete mwa chitini musakhale mocheka.

Nanga zoseweretsa za m'sitolo? Pa tsiku la msika mumaona timakiyibodi ta pulasitiki ta mabatire, timene mwana akadina batani limodzi timaimba tokha nyimbo yathunthu ya kutsidya kwa nyanja, magetsi ofiira ndi obiriwira akuphethira. Sindikana kuti n'tokongola, ndipo kholo limene lagulitsa dengu la tomato kuti likondweretse mwana wake sindiliweruza. Koma penyetsetsani mwanayo masiku atatu. Tsiku loyamba akondwa, lachiwiri adina batani ndi kuyang'ana kwina, lachitatu batire yatha ndipo chinthucho chagona kuseri kwa chitseko. Pakuti choseweretsa chimene chidziimbira chokha sichimsiyira mwana ntchito iliyonse. Banjo ikaduka nsambo mwini wake aimanga, chifukwa adziwa mmene idalowera. Lamya ya m'manja nayo yatibweretsera nyimbo za dziko lonse m'thumba, ndipo mnyamata wochenjera akhoza kuphunzirapo zambiri pobwereza nyimbo imodzi kakhumi ali ndi banjo pamiyendo. Koma lamya yopatsidwa kwa khanda kuti likhale chete imalera womvera, pamene mbereko ndi manja zidali kulera wovina. Gitala weniweni kapena kiyibodi yeniyeni, ngati ndalama ilipo, igulidwe pamene mwana waonetsa njala yake pa chitini, ndipo pamenepo adzaisamala ngati diso.

Chondidetsa nkhawa koposa zoseweretsa ndi kutha kwa zipangizo. Madimba a ku Lobi atidyetsa ndi kutiphunzitsira ana, ndipo kabichi ndi mbatatesi zake zifika kutali. Koma dimba likamakula bango limabwerera m'mbuyo. Zikho zalowedwa m'malo ndi makapu a pulasitiki, ndipo ochepa ndiwo abzalabe mphonda pa dzala. Mitengo ikuluikulu yosemera ng'oma yapita ndi nkhwangwa ya makala, ngakhale m'nkhalango ya Dzalanyama imene kale idali yoopsa kulowamo. M'mapanga a Chongoni, amene ali malo 127 ndipo adalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ena mwa iwo ali pa Mphunzi pompa, zojambula za Akafula ndi za makolo athu zakhala pa thanthwe zaka mazanamazana popanda wozithirira. Koma nyimbo silembeka pa thanthwe. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo mawu a bangwe, kalimba ndi kaligo amene adajambula asungidwa kufikira lero ku Rhodes University, ku South Africa. Tiyamika, koma makina asunga mawu okha, zala sasunga. Zala zimapita kumanda pamodzi ndi mwini wake, pokhapokha zitadutsa m'zala za mwana.

Ndiponso tisaiwale atsikana. Pa chinamwali amayi ndiwo amaomba ng'oma, ndipo amaomba mwaukatswiri. Tsono n'chifukwa ninji mtsikana akagwira banjo ya mlongo wake timamuuza kuti akatsuke mbale? Mbale zitsukidwe ndithu, ndipo mlongo wakeyo atsukeko, koma banjo abwerekane.

Tsono inu atsibweni, azakhali ndi ambuye a ku Lobi, ku Thete ndi ku Mphunzi, siyani kachigawo ka bango m'mphepete mwa dimba, ndipo ponyani nthanga ziwiri za mphonda pa dzala mvula ikagwa. Ana akayamba kusokosera kuseri kwa khola, apatseni ola lawo musanawakalipire. Buleki ya njinga ikaduka, wayawo musataye; itanani mphwanu, mumpatse m'manja, mumbwerekenso mpeni.